Nyenyezi za ku Dowa ndi masamu a ku Cape: makalata a Maclear ndi Livingstone

Kumayambiriro kwa Okutobala 1863, David Livingstone anali kwa mfumu Mwase ku Kasungu, mtima uli m'mwamba. Boma la Britain linali litamulembera kale kuti ulendo wake wa ku Zambezi watha, abwerere kwawo, koma sitima yake ya Pioneer sikanatha kutsika Shire madzi asanadzaze. Miyezi yodikira mvulayo anaigwiritsa ntchito kuyenda pansi mpaka ku Nkhotakota, kumene anakafika pa 10 Sepitembala n'kupeza Jumbe, mkulu wa amalonda a akapolo kumeneko, akukhoma chombo choolotsera akapolo, kenaka anakwera zitunda kulowera kumadzulo. Pobwerera sanafune kudzeranso kwa Jumbe. Anapempha Mwase anthu oti amulondolere njira yachidule yotsikira kwa Chinsamba, kufupi ndi mtsinje wa Linthipe, koma anthuwo anakana poopa nkhondo ya Angoni. Ulendowo unapitirira wofunsa njira mudzi ndi mudzi. Anaoloka Bua, anadutsa pafupi ndi phiri la Ngala, nalowa m'mapiri a dera limene lero tikuti Dowa ndi Ntchisi, mpaka nyanja inaonekera kumunsi.

M'katundu amene amtengatenga ake anasenza munali kabokosi ka sextant, mawotchi a chronometer, botolo la mercury ndi kabuku kolembamo manambala. Kukada, thambo likayera, mzunguyo ankatuluka kukapenda nyenyezi. Manambala amene ankalemba usiku wotero sanali omaliza. Ankayenera kukafika kaye m'manja mwa munthu wina wokhala kutali kwambiri kummwera, amene sanapondepo dziko lino ngakhale kamodzi, Sir Thomas Maclear, mkulu wa nyumba yopendera zakuthambo ya Royal Observatory ku Cape of Good Hope.

Maclear anabadwa mu 1794 ku Newtownstewart, m'dziko la Ireland, ndipo ntchito imene anaphunzira inali ya udokotala. Ankachiza anthu m'tauni ya Biggleswade ku England, nyenyezi n'kumaziona usiku pongozikonda, mpaka chikondicho chinameza udokotala uja. Mu 1833 anasankhidwa kukatsogolera nyumba ya ku Cape, imene inakhazikitsidwa mu 1820 kuti izithandiza oyendetsa sitima zapamadzi, ndipo anafika kumeneko mu Januwale 1834. Patangopita masiku ochepa kunafikanso Sir John Herschel, katswiri wotchuka kuposa onse a nthawiyo, atabwera ndi telesikopu yakeyake kudzawerenga nyenyezi za thambo lakummwera. Herschel anakhala pa munda wa Feldhausen zaka zinayi. Nyumba zawo zinali zotalikirana pang'ono chabe, komabe ankalemberana timakalata kawirikawiri: za nyenyezi ya mchira ya Halley imene inaoneka mu 1835 ndi 1836, za zipangizo zovuta, za nyengo, za ana awo. Herschel anali munthu wa cholembera kwambiri. Makalata ake odziwika, olemba ndi olandira, amaposa 14,000. M'masiku amenewo nzeru zasayansi zinkayenda m'makalata, ndipo amene ankayankha msanga ndi molondola ndiye ankasanduka mphambano ya njira zambiri. Herschel atabwerera kwawo mu 1838, mphambano ya kummwera kwa Africa inatsala kwa Maclear.

Dzina lake analipanga ndi ntchito yotopetsa. Mfalansa wina, Lacaille, anayeza kachigawo ka dziko kumpoto kwa Cape Town mu 1752, ndipo zotsatira zake zinkaonetsa ngati theka lakummwera la dziko lapansi silifanana ndi lakumpoto. Maclear anatha zaka zambiri za m'ma 1840 akukwera mapiri ndi kubwereza muyeso umenewo, mpaka anaonetsa kuti Lacaille anasokonezedwa ndi mapiri akuluakulu amene ankakoka chingwe chake choyezera. Munthu wotha zaka zonsezo kulondola kacholakwa kakang'ono chotero ndi amene Livingstone anakumana naye ku Cape Town mu 1852, atapita kukakweza mkazi ndi ana ake sitima yopita ku England. Kagwiridwe ka sextant anali ataphunzirako kwa kapitawo wa sitima imene inamubweretsa ku Africa, koma amene anamusula ndi Maclear. Kuyambira pamenepo analemberana kwa zaka makumi awiri.

Kuti timve chimene chinali m'makalatawo, tiyenera kudziwa chimene munthu ankachita usiku pabwalo la mudzi ndi kabokosi kaja. Funso linali pawiri. Loyamba, ndili patali bwanji kummwera kwa equator? Limeneli silinali lovuta kwambiri. Umadikira nyenyezi yodziwika ifike pamwamba penipeni pa njira yake, uyeze kukwera kwake, uwerengere. Woyendetsa sitima amayeza kuchokera pamene thambo lakumana ndi madzi, koma pakati pa mapiri a Dowa mzere wotero palibe. N'chifukwa chake ankathira mercury m'kambale, nyenyezi n'kuonekera m'menemo, ndipo ngodya ya pakati pa nyenyezi ndi chithunzi chake ankaigawa pawiri. Kamphepo kakawomba, kapena wina akaponda mwamphamvu pafupi, chithunzicho chinkanjenjemera, ntchito n'kuyambiranso. Ndipo aliyense wokulira kumapiri kuno akudziwa mmene thambo la Sepitembala ndi Okutobala limakhalira ndi utsi wa lupsa. Usiku wambiri nyenyezi zinkangobisala. Komabe njira imeneyi inali yodalirika. Nkhotakota anaiika pa madigiri 12 ndi mphindi 55 kummwera, ndipo mapu a lero akuvomereza.

Funso lachiwiri ndilo linali mutu waukulu: ndili patali bwanji kummawa kwa Greenwich? Apa nkhani ndi nthawi. Dziko limatembenuka madigiri 15 pa ola lililonse, ndiye kuti digiri imodzi ndi mphindi zinayi. Dowa ali pafupi ndi digiri ya 34 kummawa, kotero dzuwa limafika paliwombo kuno kutatsala maola awiri ndi mphindi pafupifupi 16 kuti lifike paliwombo ku Greenwich. Ukadziwa nthawi ya pamene waima, imene nyenyezi zimakuuza, n'kukhalanso ndi wotchi yosunga nthawi ya ku Greenwich, kusiyana kwake ndiye yankho. Koma wotchi yosenzedwa pamutu, yogwedezeka m'zigwembe, yotenthedwa masana kunyanja n'kuzizidwa usiku kumapiri, siisunga nthawi mokhulupirika. Ikalakwa ndi mphindi imodzi yokha, mudzi umasuntha pamapu makilomita 27. Pofuna kuitsutsa wotchiyo ankagwiritsa ntchito mwezi: kuyeza mpata wa pakati pa mwezi ndi nyenyezi ina, kapena kudikira mphindi imene mwezi uphimbe nyenyezi, kapenanso kuyang'anira timiyezi ta Jupiter tikamalowa mumthunzi. Buku la Nautical Almanac linkalosera zonsezi, koma pa za mwezi linkaphonya pang'ono, ndipo amene akanakonza kuphonyako ndi okhawo amene ankauyeza mwezi weniweniwo usiku ndi usiku ndi zipangizo zokhazikika pamwala. Amenewo anali Maclear ndi womuthandiza wake, William Mann, amenenso anali mkamwini wake. Manambala a Livingstone ankafika ku Cape ngati chimanga chosakonola. Kukonola, kupeta ndi kusinja kunali kwa awiriwa, masamu a pamanja a maola ambiri pa malo amodzi okha, pamwamba pa ntchito imene boma linkawalipirira.

Kalata yochokera kunyanja kuno inkatsika Shire ndi Zambezi mpaka ku doko la Kongone, kumene sitima zankhondo za Britain zolondera malonda a akapolo zinkaima mwa apo ndi apo. Pena uthenga ankauika m'botolo n'kuukwirira mumchenga pa malo opangana, kuti sitima ikabwera anthu kulibe, aufukule. Kuchokera apo inkapita ku Simon's Town. Yankho linkatenga miyezi, nthawi zina kupitirira chaka, ndipo linkabwera ndi malo okonzedwa, malangizo a kayezedwe, ndi nkhani za dziko.

M'makalatawo simunali manambala okha. Livingstone, amene anali wovuta kukhala naye ndipo anakangana ndi anzake ambiri a pa ulendo, kwa Maclear ankamasuka. Ankalemba za mitsinje ndi malungo, za thonje limene Amang'anja ankalima ndi kuwomba, za ng'anjo zosungunulira chitsulo, za midzi yotenthedwa ndi magoli a akapolo, ndiponso mkwiyo wake pa akuluakulu a Chipwitikizi a ku Tete ndi Quelimane. Zaka za 1861 ndi 1862 zinawapweteka onse awiri: Maclear anaika mkazi wake Mary mu 1861, ndipo Mary wa Livingstone anamwalira ku Shupanga pa 27 Epulo 1862, patangopita miyezi itatu chimwalirire Bishopu Mackenzie wa mishoni ya ku Magomero. Zigawo za makalatawa zinkawerengedwa m'misonkhano ndi kusindikizidwa m'nyuzipepala za ku Cape, kotero anthu akunja anayamba kumva za Shire ndi nyanja buku la ulendowo lisanatuluke mu 1865. Chiwerengero chimene chinagwedeza anthu ambiri, choti akapolo 19,000 ochokera ku dera la nyanja ankadutsa pa kasitomu ya ku Zanzibar chaka chilichonse, Livingstone anachitenga kwa kazembe wa Britain kumeneko, Rigby, nachifalitsa ndi cholembera chake.

Maclear anali mboni yake. Pa msonkhano waukulu wa ku Cape Town mu Novembala 1856, Livingstone atangomaliza kudutsa Africa kuchokera ku Luanda mpaka ku Quelimane, Maclear anaimirira kutsimikizira kuti malo amene munthuyu wayeza ndi oona, oti wina angathe kuwalondola n'kuwapeza. Umboni umenewu unali wofunika chifukwa ku London kunali akatswiri ojambula Africa ali pampando. Mmodzi wa iwo, W. D. Cooley, anaumirira kwa zaka zambiri kuti nyanja yathu ndi ya Tanganyika ndi nyanja imodzi. Livingstone ankadana nazo zoti ojambula mapu azisuntha malo ake momwe afunira, ndipo pa ulendo wake womaliza anafuna kuti manambala ake aziyamba adutsa kwa Maclear. Kuthokoza kwake kunaoneka mu Sepitembala 1861, pamene iye, mng'ono wake Charles ndi John Kirk analowa m'nyanja ndi bwato limene anthu analisenza kulambalala mathithi a Shire. Atazungulira chitunda chachikulu cha kwa Nankumba, pamene pali mudzi wa Chembe, anachitcha Cape Maclear. Asodzi a pamenepo sanafunsidwe, ndipo mwini dzinayo sanadzaoneko.

Apa ndi pamene ine ndimaima n'kulingalira kwambiri. Livingstone sanali woyamba kuona nyanjayi, ngakhale pakati pa azungu. Apwitikizi anali ndi apaulendo awo amene anayenda m'madera ano iye asanabwere: Gaspar Bocarro amene anadutsa dziko la Amaravi mu 1616, Candido Cardoso wa ku Tete amene anauza Livingstone yemweyo za nyanja, Gamitto amene analemba zambiri za Achewa pa ulendo wa 1831, ndi Lacerda, katswiri wa nyenyezi nayenso, amene ananyamuka ku Tete mu 1798 n'kukafera kwa Kazembe chaka chomwecho. Abisa, Ayao ndi Aswahili ankazidziwa njira zonsezi ndi mapazi awo, ndipo eni dziko ankadziwa dambo lililonse ndi dzina lake. Chimene Livingstone anali nacho kuposa onsewa ndi mndandanda wa manambala osindikizidwa, otsimikiziridwa ndi munthu amene Ulaya yense ankamukhulupirira. Mwa malamulo a azungu, malo oyezedwa ndi kulembedwa ndiwo anali malo opezedwa. Makalata a abwenzi awiri, olembedwa ndi mtima wofuna choonadi ndi wodana ndi ukapolo, anasanduka maziko a umwini. Sindikukayika kuona mtima kwa Maclear, ndipo sindiiwala kuti malonda a Jumbe anali oopsa ndithu ndipo anayenera kutha. Koma mzere wochokera pa kambale ka mercury kukafika pa mbendera ndi woonekeratu. Britain ataopseza Portugal mu Januwale 1890, zifukwa zake zinali maulendo a Livingstone ndi mamishoni a ku Scotland. Pangano la maiko awiriwa la pa 11 Juni 1891 linadula malire ndi chilankhulo chomwecho cha madigiri: kutsidya kwa nyanja, malire a Malawi ndi Mozambique anaikidwa pa madigiri 13 ndi mphindi 30 kummwera. Mukaulondola mzere umenewo kuoloka nyanja kubwera kumadzulo, udzera pakati pa boma la Ntchisi ndi boma la Dowa.

Kudalira manambala kunamupweteka mwini wake pomaliza. Mu 1866 Livingstone anadutsanso dziko lino, kuchokera kummwera kwa nyanja kudzera kumapiri a Dedza ndi Dzalanyama kulowera ku Luangwa. Mu Januwale 1867 wonyamula mawotchi anaterereka n'kugwa nawo, ndipo kuyambira pamenepo miyeso yake ya kummawa ndi kumadzulo inaphonya ndi makilomita pafupifupi 30 iye osadziwa. Mwezi womwewo bokosi la mankhwala linathawitsidwa. Amene akanaona cholakwacho anali Maclear, koma njira ya makalata inali itaduka: mwa makalata oposa 40 amene anapatsira amalonda ku Ujiji mu 1869, pafupifupi onse anasowa panjira. Mu 1873, m'madambo a Bangweulu, anayenda akukhulupirira mapu ake olakwikawo kuposa mawu a anthu a kumeneko, nasochera m'madzi milungu yambiri. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Anamwalira kwa Chitambo pa 1 Meyi 1873. Mabuku ake a manambala anafika ku gombe chifukwa cha Susi, Chuma, Jacob Wainwright ndi anzawo, amene anawasenza pamodzi ndi mtembo. Chuma anali Myao wa kwathu kuno, mmodzi wa ana amene anamasulidwa ku ukapolo mu 1861.

Maclear anapuma ntchito mu 1870, anachita khungu mu 1876, namwalira pa 14 Julayi 1879. Anaikidwa pabwalo la nyumba yake yopendera nyenyezi, pambali pa mkazi wake. Pamene ankamwalira, pa chitunda cha dzina lake panali patakhala kale mishoni pafupifupi zaka zinayi. E. D. Young ndi Robert Laws anafikapo ndi sitima ya Ilala mu Okutobala 1875, koma malungo anawatha anthu, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe atasiya manda angapo ndi Mkhristu wobatizidwa mmodzi, Albert Namalambe.

Ku Bandawe komweko ndi kumene A. C. Murray, mbusa wa mpingo wa Dutch Reformed wochokera ku Cape, anadzera atafika m'dziko muno mu 1888. Iye ndi T. C. B. Vlok anakwera mapiri kufunafuna malo okwera, ozizira, a anthu ambiri, ndipo pa 28 Novembala 1889 anamanga hema pa Mvera, m'dziko la Chiwere, mfumu ya Angoni amene anali atakhazikika ku Dowa m'zaka zotsatira ulendo wa Livingstone uja. Mu 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe kwa Msakambewa. Njira ya makalata ya pakati pa mapiriwa ndi Cape inatsegukanso, tsopano yonyamula malipoti a sukulu, zopempha ndalama ndi mapepala a Buku Lopatulika, limene W. H. Murray ndi anzake, Achewa ndi azungu, analimasulira kwa zaka zambiri pa phiri la Kaso pafupi ndi Mvera mpaka linasindikizidwa mu 1922.

Anthu amene anaona mlendo akusuzumira m'kambale usiku wa 1863 sanali osadziwa thambo. Ankadzuka ndi Nthanda kupita kumunda kapena pa ulendo, ankaudziwa Mlalang'amba, ankawerenga miyezi ndi kuoneka kwa mwezi, ndipo kummwera Amang'anja ankasimba za akazi awiri a mwezi, Chekechani wa kummawa womumana chakudya mpaka aonde, ndi Puikani wa kumadzulo womunenepetsa. Kudziwa kumeneku kunali kwa ntchito ina, ya khasu ndi ya ulendo, ndipo m'matebulo a ku Cape munalibe danga lake. Mulibenso mayina ambiri a amene anasenza kabokosi, anaphika nsima, analoza chala kuti njira ndi iyo. Livingstone analemba zambiri za anthu, nthawi zina mwaulemu woposa azungu anzake, koma ankadutsa tsiku limodzi kapena awiri pamudzi, womasulira ali pakati, mtima uli pa mtsinje wotsatira.

Sukulu za ku Mvera ndi Kongwe zinatembenuza njira ya cholembera. Pofika 1909 mishoni inali ikusindikiza magazini ya Mthenga, ndipo anyamata a ku Dowa ndi Ntchisi opita kukagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Joni anayamba kulembera kwawo m'chilankhulo chawo. Mwa ana a sukulu zimenezi munatuluka mphunzitsi Samuel Josia Nthara, wobadwa mu 1905. Buku lake la Nthondo linapambana mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira, mawu oyamba n'kulemba wasayansi Julian Huxley. Pambuyo pake Nthara anayenda kufunsa akuluakulu m'midzi nalemba Mbiri ya Achewa, kenaka mu 1949 mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi kufupi ndi Kongwe, imene inakhala moyo kuyambira nthawi ya nkhondo za Angoni ndi malonda a ku Nkhotakota mpaka nthawi ya mishoni ndi boma. M'mabuku amenewa muli zimene woyeza wodutsa sakanaziona: amene anathawira m'nkhalango ya phiri la Ntchisi, amene anagonja n'kumapereka msonkho kwa Angoni, amene anachenjera n'kusunga mudzi wake. Makalata a Livingstone opita kwa Maclear ambiri akusungidwa ku nyumba yosungira zakale ya dziko la Zimbabwe ku Harare, ena ku South Africa ndi ku Britain, ndipo wofuna mbiri ya mapiriwa m'zaka za m'ma 1860 ayenera kuwawerenga buku la Nthara lili potsegula pambali pake.